Mabuku, zithunzi ndi zikalata zakale pa intaneti: mulowere khomo liti?

Malaibulale aakulu, nyumba zosungiramo zinthu zakale ndi maofesi osunga zikalata za maboma, pafupifupi onse masiku ano ali ndi khomo la pa intaneti. Onse amakonda kulengeza chiwerengero: zithunzi mamiliyoni akuti, masamba mamiliyoni akuti. Musatengeke nacho. Munthu wofuna chithunzi chimodzi choika pachikuto cha buku lake alibe nazo ntchito zinazo. Iye akufuna kudziwa ngati chimodzicho angachitenge, komanso ngati sadzalandira kalata yomulipiritsa bukulo likatuluka. Kuwerenga chabe, kuphunzitsira, kutchula m'kafukufuku ndi kugulitsa ndi ntchito zosiyana, ndipo malo abwino pa ntchito imodzi amatha kukhala opanda pake pa inzake. Dziwani kaye chomwe mukachite ndi chinthucho, kenaka musankhe khomo.

Zoyezera zake

Mtengo si ndalama yolembetsera yokha. Webusaiti yaulere imadya data, ndipo buku lojambulidwa tsamba ndi tsamba limalemera kambirimbiri kuposa buku lomwelo likakhala mawu okhaokha.

Kupezeka kuli pamasitepe atatu omwe otsatsa amakonda kuwasakaniza: kuona dzina la chinthu m'mndandanda, kuchiona chenichenicho pasikirini, ndi kuchikopera kuti chikhale chanu. Malo ambiri amathera pa sitepe yoyamba. Ena amasintha malinga ndi dziko lomwe muli.

Kasamalidwe kali pawiri: ndani akulipira kuti webusaitiyo isazime, nanga ndi ntchito yanji yomwe ikutsalira inu.

Zoopsa zazikulu ndi lamulo la umwini wa zolemba, kutsekeka kwa webusaiti, ndi mafotokozedwe olakwika. Za umwini n'zosokoneza chifukwa mayiko samayendera lamulo limodzi. Pofuna kudziwa nthawi yomwe umwini umatha, ambiri amawerenga zaka 50 kapena 70 kuchokera pomwe wolemba anamwalira, pomwe United States, pa mabuku akale, imawerenga zaka 95 kuchokera pomwe bukulo linasindikizidwa. Buku lomasuka uku limatha kukhala lomangika uko.

Internet Archive

Bungweli lili ku San Francisco, si lamalonda, ndipo analiyambitsa ndi Brewster Kahle mu 1996. Ambiri amalidziwa ndi Wayback Machine, yosunga mawebusaiti momwe ankaonekera kale, koma mulinso mabuku, magazini, mawu ojambulidwa ndi mafilimu akale.

*Mtengo.* Palibe cholipira, ndipo akaunti yobwerekera mabuku nayo ndi yaulere. Tsamba lililonse la buku lili ndi mndandanda wa mitundu ya mafailo. PDF ndi zithunzi za masamba enieni, n'chifukwa chake imalemera. Pomwe alemba FULL TEXT pali mawu okhaokha, opepuka kwabasi.

*Kupezeka.* Mabuku omwe umwini wake unatha mumatenga athunthu. Atsopano amabwereketsedwa, kawirikawiri kwa ola limodzi, ndipo mbali imeneyi inaphwa. Mu 2020 makampani anayi osindikiza mabuku, Hachette ali m'gulumo, anasumira bungweli. Khoti linagamula mokomera makampaniwo mu Malichi 2023, apilo inakanika mu Sepitembala 2024, ndipo mabuku oposa 500,000 anachotsedwa pa obwereketsa. Ngati wina anakuuzani kalekale kuti buku lakuti lilipo, kaoneni nokha.

*Kasamalidwe.* Amadalira zopereka za anthu ndi mabungwe, komanso ndalama zomwe malaibulale amalipira pojambulitsa mabuku awo. Popeza aliyense amaloledwa kuikamo zinthu, ntchito yopeta imagwera inu. Buku limodzi mulipeza kangapo: kope lina masamba akusowa, lina mapu a mkati anawajambula ali chipindire, lina chaka analemba cholakwika. Yang'anani m'munsi pomwe atchula laibulale yomwe inapereka bukulo. Lochokera ku yunivesite limadalirika kuposa loikidwa ndi munthu wosadziwika.

*Zoopsa.* Mu Okutobala 2024 akuba a pa intaneti anatenga zinsinsi za maakaunti pafupifupi 31 miliyoni, webusaiti n'kuzima kwa masiku angapo. Pasiwedi ya kumeneko isafanane ndi ya imelo yanu. Vuto lina ndi la tsiku ndi tsiku: mawu a FULL TEXT anawerenga ndi makina, popanda munthu wowakonza. M'mabuku a Chingelezi a zaka za m'ma 1700, chilembo s chinkasindikizidwa chachitali, ndipo makina amachiwerenga ngati f. Mukasaka mawu osawapeza, sindiye kuti m'bukumo mulibe. M'zilankhulo zomwe makinawo sanazizolowere zinthu zimanyanya. Komanso kupezeka kwa chinthu muno si umboni woti mwini wake analola.

Pano nditchuleko Project Gutenberg, yomwe Michael Hart anayambitsa mu 1971. Ili ndi mabuku oposa 70,000, ndipo ochuluka anawakonza ndi anthu odzipereka, mzere ndi mzere. Ndi opepuka, okoma kuwerengera pafoni. Koma manambala a masamba nthawi zambiri amatayika, choncho wolemba kafukufuku sangadalire pamenepo, ndipo ambiri ndi a Chingelezi. Pakati pa 2018 ndi 2021 webusaitiyi inali yotseka kwa anthu a ku Germany chifukwa cha mlandu wa umwini, kusiyana kwa malamulo komwe kuja.

HathiTrust

Uwu ndi mgwirizano wa malaibulale a mayunivesite, ochuluka a ku United States, ndipo unayamba mu 2008. Mabuku ake ambiri ndi omwe anajambula a kampani ya Google m'malaibulalewo.

*Mtengo.* Kusaka ndi kuwerenga n'kwaulere. Omwe amalipira ndi mayunivesite a mumgwirizanomo.

*Kupezeka.* Apa mpomwe ambiri amakhumudwa. Buku lolembedwa Full view mumaliwerenga lonse. Lolembedwa Limited silitseguka, ndipo otere ndiwo ochuluka. Ngati muli kunja kwa United States mpanda umakulirakulira: buku losindikizidwa m'mayiko ena kawirikawiri limatseguka pokhapokha patadutsa zaka zoposa 100 chisindikizireni. Kukopera buku lathunthu, mwa aja anajambula a Google, kumafuna akaunti ya yunivesite ya mumgwirizano. Enafe timatenga tsamba limodzi limodzi.

Komabe pali chinthu chimodzi chomwe ambiri sachigwiritsa ntchito. Buku lotseka lija limasakika mkati. Mukalemba dzina la munthu kapena malo, imakuuzani masamba omwe dzinalo likupezeka ndi kangati. Mawuwo simuwaona, koma mwadziwa ngati bukulo n'loyenera kuliyendera ku laibulale kapena ayi.

*Kasamalidwe.* Pa mbali iyi HathiTrust imaposa Internet Archive. Mafotokozedwe analemba ndi akatswiri a malaibulale, ndipo buku lililonse lili ndi linki yokhazikika yoti muitchule m'zolemba zanu.

*Zoopsa.* N'zochepa, kupatula kutaya nthawi. Mwa mwayi, buku lotseka kuno nthawi zina limapezeka lotsegula kwina.

Mawebusaiti a mamyuziyamu eniake

Ngati mukufuna zithunzi za zojambulajambula, ziboliboli, nsalu kapena zida zakale, gwero ndi lino.

*Mtengo.* Kuona n'kwaulere pafupifupi kulikonse. Kugwiritsa ntchito ndiye kumasiyana kwambiri. Rijksmuseum ya ku Amsterdam inatsegula zithunzi zake mu 2012. Metropolitan Museum of Art ya ku New York inamasula zithunzi 375,000 mu Febuluwale 2017, ndipo Smithsonian ya ku Washington inamasula 2.8 miliyoni mu Febuluwale 2020. Ziwiri zomalizazi zimagwiritsa ntchito chizindikiro cha CC0, kutanthauza kuti tengani, sinthani, gulitsani, osapempha. British Museum ya ku London ili ndi njira ina. Zithunzi zake zili pa chilolezo cha CC BY-NC-SA, ndipo zilembo NC zikuletsa malonda. Kuphunzitsira m'kalasi palibe vuto, koma kuika m'buku logulitsa kumafuna kupempha ndi kulipira.

*Kupezeka.* Zithunzi zimakhala zowala bwino, ndipo zina n'zodabwitsa. Mu Januwale 2022 Rijksmuseum inaika chithunzi cha ntchito ya Rembrandt yotchedwa The Night Watch chokhala ndi magigapixel 717, kutanthauza timadontho mabiliyoni 717. Mukachikuza mumaona ming'alu ya utoto ndi mikwingwirima ya burashi, zomwe munthu woima patsogolo pa chojambulacho sangazione. Koma ngakhale m'myuziyamu ya CC0, si zonse zomasuka. Ntchito za ojambula omwe akadali moyo kapena amwalira posachedwa zimaoneka pasikirini popanda batani lopangira dawunilodi.

*Kasamalidwe.* Myuziyamu ikasintha webusaiti, malinki akale amafa. Chomwe sichifa ndi nambala yomwe chinthucho chinalembedwa polowa m'myuziyamu. Ilembeni pamodzi ndi dzina la myuziyamuyo, ndipo muiike m'dzina la failo. Pakapita chaka simudzakumbuka komwe chithunzi chotchedwa "image4" chinachokera.

*Zoopsa.* Mafotokozedwe ambiri anakopedwa kuchokera m'makadi a zaka 100 zapitazo. Pa zinthu zochokera ku Africa, Asia ndi zilumba za Pacific, dzina lomwe limaoneka kwambiri ndi la mzungu amene anachibweretsa, wochipanga osatchulidwa. Mayina a mitundu ya anthu amakhala olakwika, ena onyoza. Momwe chinachokera kwawo, kaya chinagulidwa kaya chinalandidwa pankhondo, ambiri amangodutsapo. N'chifukwa chake ntchito ngati Digital Benin, yomwe inatsegulidwa mu Novembala 2022, ndi yofunika. Inasonkhanitsa pamalo amodzi zinthu zoposa 5,000 za ufumu wa Benin (m'dziko la Nigeria lero) zomwazikana m'malo 131 m'mayiko 20, n'kuzitchula ndi mayina a chilankhulo cha Edo. Musaganizenso kuti webusaiti ikuonetsa zonse za m'nyumbamo. Mu 2023 British Museum inavomera kuti zinthu pafupifupi 2,000 zinasowa, kubedwa kapena kuonongeka, ndipo zambiri mwa izo zinali zisanalembedwe mokwanira.

Malo osonkhanitsa: Europeana, DPLA, Google Arts & Culture, Wikimedia Commons

*Mtengo.* Onse ndi aulere.

*Kupezeka.* Europeana, yoyamba mu Novembala 2008, imasaka kamodzi m'mabungwe zikwizikwi a ku Ulaya. DPLA (Digital Public Library of America), ya mu 2013, imachita chimodzimodzi ku United States. Ziwirizi kwenikweni zimasunga mafotokozedwe ndi kachithunzi kakang'ono, chinthu chenichenicho chili kwa eni ake, ndipo zimangokulozerani kumeneko. Google Arts & Culture, yomwe inayamba mu 2011 ndi mamyuziyamu 17, ndi yokongola koposa onse. Mumayenda m'zipinda za myuziyamu muli pampando. Koma ndi yoonera basi, simutulukamo ndi kanthu. Wikimedia Commons ndiye imasunga mafailo enieni, ndipo imalandira okhawo omwe chilolezo chake chimalola ngakhale malonda.

*Kasamalidwe.* Europeana imadalira ndalama za European Union, Google imadalira kufuna kwa kampani, Commons imadalira anthu odzipereka. Malo otere amatha kutsekedwa. World Digital Library, yomwe UNESCO ndi Library of Congress anatsegula mu 2009, inasiya kuima payokha mu 2021. Zinthu zake sizinatayike, anazisamutsira ku webusaiti ya Library of Congress.

*Zoopsa.* Malinki akufa, ndiponso zilolezo zolakwika. Pa Commons aliyense angalembe kuti chithunzi n'chomasuka, ndipo ena amalakwitsa, ena amanama. Tsatirani linki mpaka kugwero musanasindikize. Ambiri amaiwalanso kuti chilolezo cha CC BY chimafuna kuti mutchule wojambula. Mukapanda kutero mwaphwanya chilolezocho.

Malaibulale ndi malo osunga zikalata a mayiko

Kuno n'komwe kuli zinthu zosapezeka kwina kulikonse: makalata a maboma, mabuku a kalembera, mapu, manyuzipepala. Kulinso ntchito yambiri kuposa kwina konse.

*Mtengo.* Zomwe zinajambulidwa kale nthawi zambiri n'zaulere. Gallica ya laibulale ya dziko la France, yoyamba mu 1997, imalola kukopera ndi kugwiritsa ntchito mosachita malonda, koma amalonda amalipira. Ndalama zenizeni zimabwera mukafuna failo yomwe sinajambulidwe. Ku The National Archives, ku Kew m'dziko la Britain, mumalipira kaye kuti wogwira ntchito akawerenge masamba ake, kenaka amakuuzani mtengo wojambulira. Failo yonenepa imatuluka yodula.

*Kupezeka.* Mndandanda wa ku Kew, wotchedwa Discovery, uli ndi mafotokozedwe mamiliyoni ochuluka, koma omwe ali ndi chikalata chenicheni pa intaneti ndi gawo laling'ono. Munthu amasangalala kuti wapeza, akadina amapeza mizere iwiri yofotokoza ndi nambala. Nambalayo musainyoze, ndiyo mungatumire nayo munthu kukakujambulirani. Kusaka kwake kumafuna kuganiza ngati kalaliki wa nthawiyo. Zikalata za Ghana zakale zili pansi pa Gold Coast, za Sri Lanka pansi pa Ceylon, ndipo mayina a anthu analembedwa momwe mlendo anawamvera. Yesani kalembedwe katatu kapena kanayi musanagonje.

Ine ndimaikonda kwambiri Endangered Archives Programme ya British Library, yoyamba mu 2004 ndi thandizo la bungwe la Arcadia. Imapereka ndalama zojambulira zikalata zomwe zikuonongeka m'mayiko ambiri, zoyambirira n'kutsala kwawo, makope n'kuikidwa pa intaneti kwaulere. Zambiri n'zolembedwa pamanja, motero simungasake mawu mkati. Mumawerenga tsamba ndi tsamba, ndi maso anu.

*Kasamalidwe.* Amadalira bajeti ya boma, ndipo bajeti imagwedezeka. Trove ya ku Australia, yotchuka ndi manyuzipepala akale omwe anthu wamba amathandiza kukonza mawu ake, inatsala pang'ono kuuma mpaka boma linalonjeza madola a ku Australia 33 miliyoni mu Epulo 2023.

*Zoopsa.* Kumapeto kwa Okutobala 2023 gulu la akuba lotchedwa Rhysida linalowa m'makompyuta a British Library n'kufuna dipo la ma bitcoin 20 (ndalama za pa intaneti). Laibulaleyo inakana. Mndandanda wake waukulu unabwerera mu Januwale 2024, ndipo mbali zina zinatenga nthawi yaitali kuposa apo. Imeneyo ndi imodzi mwa malaibulale aakulu kwambiri padziko lonse, koma ofufuza omwe anangosunga malinki anakhala manja ali m'khosi. Akuluakulu anati fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Chomwe mwachipeza ndipo n'chololedwa kukopera, koperani lero lomwe, muchisunge malo awiri.

Choopsa china sichioneka pasikirini. Mu 2011, pa mlandu wa omwe anazunzidwa nthawi ya Mau Mau ku Kenya, boma la Britain linavomera kuti linkasunga mobisa mafailo zikwizikwi a mayiko omwe linkalamulira, ku Hanslope Park. Anawasamutsira ku Kew pansi pa nambala FCO 141. Ena anali atatenthedwa kale atsamunda pochoka. Zomwe mukuona pa intaneti zadutsa m'manja atatu: wolemba, wosankha zosunga, ndi wosankha zojambula.

Malo olipira

*Mtengo.* JSTOR, ProQuest, Gale, British Newspaper Archive ndi Ancestry, osunga nkhani za akatswiri, manyuzipepala akale ndi zikalata za mbiri ya mabanja, amafuna ndalama, ena kwa munthu payekha, ena kwa masukulu okha. Musanalipire, yesani makomo a m'mbali. Akaunti yaulere ya JSTOR imalola kuwerenga nkhani 100 pamwezi pasikirini, popanda kukopera. Mu 2006 JSTOR inachotsanso malipiro kwa masukulu ndi mabungwe osachita malonda a mu Africa, ndipo ophunzira ambiri sadziwa kuti sukulu yawo ili nayo. Olemba pa Wikipedia omwe akonza nkhani kokwana 500 ndipo atha miyezi 6 amapatsidwa mwayi wolowa m'malo ambiri olipira kudzera mu Wikipedia Library. Wofufuza mbiri ya banja ayambe ndi FamilySearch, yomwe ndi yaulere.

*Kupezeka.* Kusaka kwawo n'kwabwino, ndipo pamenepa mpomwe ndalama yanu imapita. Pa British Newspaper Archive kusaka sikulipiritsa, choncho onani kaye ngati zomwe mukufuna zilimo.

*Kasamalidwe.* Ndi awo, malinga mukulipira.

*Zoopsa.* Malipiro odzibwereza okha pakhadi la kubanki mwezi ndi mwezi, mpaka mutawaletsa. Mukasiya kulipira kapena mukamaliza sukulu, khomo limatsekeka, ndi zomwe munasunga m'akauntimo simuzifikiranso. Ndipo kulipira kuti muwerenge sikukupatsani ufulu wosindikiza.

Nanga inu mulowere kuti?

Wongofuna kuwerenga mabuku akale pafoni, data ili yochepa, apite ku Project Gutenberg. Wolemba kafukufuku wofuna nambala ya tsamba asake mu HathiTrust, ndipo bukulo likakhala lotseka alifunefune ku Internet Archive. Nkhani za akatswiri aziyambire pa akaunti yaulere ya JSTOR.

Mphunzitsi wofuna kuonetsa ophunzira zinthu, intaneti ilipo, Google Arts & Culture imukwanira. Ngati intaneti ndi yodukaduka, akopereretu zithunzi ku mamyuziyamu eniake.

Wosindikiza buku, wopanga zikwangwani kapena aliyense wogulitsa, asachoke pa CC0: Metropolitan, Smithsonian, kapena zithunzi za Rijksmuseum zolembedwa kuti n'zomasuka. Ajambule sikirini ya tsamba lomwe likuonetsa chilolezocho, aisunge pamodzi ndi chithunzicho.

Yemwe sakudziwa komwe chinthu chili ayambe ndi Europeana, DPLA kapena Commons, koma akapeza atsatire mpaka kwa eni ake. Wofufuza mbiri ya dera kapena ya nthawi ya atsamunda akonzekere mindandanda ya malo osunga zikalata, mayina akale a malo, ndi ndalama yojambulitsira mafailo. Wofuna nkhani imodzi yokha ya m'nyuzipepala yakale asake kwaulere, alembe masiku ndi masamba onse omwe akufuna, alipire mwezi umodzi, akopere, n'kuletsa malipirowo tsiku lomwelo.